Zala Ziwiri Zakumanja

9 Meyi

Amayi anga,

Choyamba ndi moyo wanu ndi wa mlongo wanga. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ife kuno kudziko la eni tikudzuka, ngakhale kuti kudzuka kwa mwezi uno n'kochita kulimbana ndi bulangete.

Musadabwe kuti ndakulemberani kalata ngati munthu wakale. Pafoni sindimasuka. Chipinda chathu ndi chimodzi, ndikamalankhula abambo amakhala pomwepo akuvula nsapato, ndipo kumeneko foni yanu imagona m'thumba mwa amalume. Ndiye kalatayi ndapatsira adalaivala a basi amene amakubweretserani katundu aja. Ndawauza kuti aipereke m'manja mwanu, asaisiye pagolosale pa amalume.

Sukulu ikuyenda. Masamu ndinakhala wachitatu m'kalasi monse. Anzanga ndilibe, koma musadandaule, sindikuwasowa. Nthawi yopuma ndimakhala pakhonde la laibulale n'kumaonerera anthu. Mayeso omaliza tidzalemba mu Okutobala, omwe aja munandikwezera basi chaka chatha.

Chimene ndalembera ndi manja a abambo. Inu mumadziwa kuti amaperekera anthu zakudya ndi katundu panjinga yamoto, koma mumadziwira pachithunzi chija anajambulitsa dzuwa likuwala. Panopa kwayamba kuzizira. Mvula ya kuno siigwa n'kukata ngati ya kwathu, imabwera chopingasa ndi mphepo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Magolovesi awo ndi aubweya, ogula pamsika. Pamwamba pake amavala mapepala a buledi n'kumanga ndi mphira pamkono. Dzulo atafika analephera kumasula lamba wa chisoti. Anaima pakhomo atatukula chibwano ngati mwana woti amumange mabatani, ine n'kuwamasula. Kapu ya tiyi anaigwira ndi zikhatho ziwiri, zala zili njo ngati timitengo. Ataona kuti ndikuwayang'ana anaseka.

"Mlembi, zimenezi usakazilembe."

Ndazilemba. Manja amenewa ndi amene akundisunga pasukulu. Tsiku limene adzaleke kugwira mahandulo, inenso cholembera ndasiya, chifukwa kuno kulibe wina wathu.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli bambo wina wokonza njinga zamoto, timangowatchula kuti a Sipanala. Nawonso ankagwira ntchito ya abamboyi asanathyoke mwendo. Loweruka anawadzudzula abambo ine ndili pomwepo. Akuti munthu wa njinga yamoto amayamba kufa zala, thupi limachita kutsatira pambuyo. Anatinso pepala la buledi ndi la buledi, ndipo sanaonepo buledi akugwira buleki. Abambo anaseka mpaka kutsokomola, koma titabwerera m'nyumba anandipatsa ntchito yosankha magolovesi enieni, poti ine ndimatha kuwerenga zolembedwa pakatundu, komanso iwo akamaweruka masitolo amakhala atatseka. Kuno mtengo wa chinthu timauyeza ndi maulendo a njinga. Magolovesi abwino ndi maulendo makumi anayi, ndipo abambo akhala akuponya m'chitini kuyambira mwezi watha.

Ndiye mwezi uno zobwera kumeneko zichepa. Muwauze amalume kuti za malata zidikire kaye. Kumeneko mvula inatha, ndipo dengalo lakhala likudontha kuyambira ndikukwawa. Mwezi umodzi siligwa.

Ine mwana wanu,
Mlembi (ndi mmene abambo akunditchulira masiku ano)


25 Meyi

Amayi,

Ndasangalala kumva kuti mukudzuka bwino, ndiponso kuti mlongo wanga wayambiranso kupita kusukulu. Nafenso tilipo.

Yankho lanu linafika. Ndamva kuti amalume anali atagwirizana kale ndi wogulitsa malata, ndipo munthu wamkulu sabweza mawu. Abambo ndinawawerengera mbali yowakhudza yokha. Anatsegula chitini, anapatula za maulendo khumi, n'kuti zipite. Zimenezo mwalandira kale. Ine ndinatsala ndi makumi atatu.

Ndinayambira kwa a Sipanala. Anandikhazika patayala n'kundilangiza ngati ndikupita kokafunsira. Akuti usakhulupirire zolembedwa papaketi, m'sitolo simugwa mvula. Uone pachikhatho ngati pali chikopa chokhuthala, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja, ndipo phula lilibe chisoni. Uone ngati mfundo za zala zili ndi chotchinga cholimba. Nsalu yoletsa madzi imakhala m'kati, siioneka, koma povula isamatuluke pamodzi ndi zala. Mkono wake ukhale wautali woti ulowe m'jekete, apo ayi madzi amatsetsereka n'kukadzaza m'kati. Asathine, othina amazizira kuposa dzanja lopanda kanthu. Asakhwepenso, buleki suimva. Ndinalemba zonsezi kumapeto kwa kope la sayansi. Dzanja la abambo ndinalijambula pakatoni ndi pensulo, iwo akudyera linalo.

Lachitatu nditaweruka ndinayenda malo anayi, yunifolomu ili m'thupi. Apamsika ndi otchipa kwambiri, koma ndinathira madzi a m'botolo langa pachala chimodzi mwini wake akuyang'ana kumbali, madziwo n'kulowa ngati m'siponji. Pakaunjika panali achikopa, olimba bwino, koma onse awiri a dzanja lamanzere. Wogulitsayo anati abambo akhoza kuzolowera. Malo achitatu anandiyang'ana nsapato n'kundiuza kuti ndisagwiregwire.

Sitolo yomaliza ndi ya zinthu za njinga zamoto zokhazokha, yoyera mbee, pansi pake umadziona nkhope. Mayi wa m'sitolomo anali waulemu. Anandionetsa mitundu iwiri yofanana ngati mapasa, yakuda, yosalowa madzi, yokhala ndi kazipi kotsegula kukatentha kuti munthu asagulenso ena chilimwe chikafika. Zonse zimene a Sipanala ananena zinalipo. Kusiyana kwake n'kunsonga za zala basi. Ena ali ndi kachikopa kotuwa koti foni imamva ukaikhudza osavula, amenewo ndi makumi anayi aja. Enawo alibe, makumi atatu ndendende. Mayiyo anandifunsa funso limodzi, ine n'kumuyankha mmene ndinamuyankhira, n'kutenga otsikawo.

Mukanawaona abambo. Anawavala, anakunga nkhonya, n'kumiza manja onse m'ndowa ine ndikuwerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi. Povula, manja ouma gwa. Anapita nawo kwa a Sipanala kukadzionetsa ngati mkwati. A Sipanala anawatembenuzatembenuza, anayang'ana kunsonga za zala, kenako anandiyang'ana ine. Anangoti ndi abwino, mwana wasankha. Koma sanaseke, chonsecho a Sipanala amaseka ngakhale pamaliro.

Malata akakhomedwa mundiuze, abambo akufuna kudziwa ngati akwanira mbali yogona mlongo wanga.

Mwana wanu


13 Juni

Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Ine chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita. Abambo akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, ndiye ndakuuzani.

Magolovesi aja anakhala athunthu masiku anayi okha.

Ndikufotokozereni mmene ntchito yawo imayendera, poti inenso sindinkadziwa. Foni imakhala pamahandulo. Munthu akaitanitsa chakudya imalira, ndipo pamakhala masekondi ochepa oti uikhudze kuti wavomera. Ukachedwa, ulendowo umapita kwa mnzako. Ukaphonya kangapo, kampani imayamba kukupatsa maulendo otsalira, akutali, olipira pang'ono, ndipo palibe munthu woti ukamudandaulire, bwana wake ndi foni yomweyo. Magolovesi amene ndinasankha aja foni siiwamva. Kuti amasule lamba, akoke, akhudze, n'kuvalanso dzanja litanyowa, ulendo wapita kalekale. Tsiku loyamba anaphonya asanu. Lachiwiri anayesa kukweza galasi la chisoti n'kumakhudza ndi mphuno. Anzawo pamalo odikirira anawapatsa dzina loti a Nkhuku, akuti amajompha foni. Iwo amafotokoza akuseka.

Lamlungu m'mawa ndinawapeza atakhala pabedi ndi lezala. Anali atadula kale nsonga ya chala chachikulu cha kumanja, akumalizitsa chamkombaphala. Ndinawauza kuti akuwononga, kuti nsalu ya m'kati ikabooka ntchito yake yathera pomwepo. Ndinakweza mawu, amayi, koyamba chibadwire. Sanandikalipire. Anauzira timaulusi tapachala, n'kuvala kuti aone ngati zatuluka bwino.

"Foni siidziwa kuti kunja kukuzizira, Mlembi. Zala zisanu ndi zitatu zifunde, ziwiri zigwire ntchito. Ngakhale pabanja zimakhala choncho."

Tsopano madzi amalowera m'mabowo awiriwo, ndipo poti magolovesiwo salola madzi kudutsa, akalowa satulukanso. Dzanja lamanja limakhala m'thumba la madzi tsiku lonse. Akavula limakhala lotuwa, lamakwinya, ngati la munthu amene wachapa zovala za mudzi wonse. Lamanzere louma bwinobwino. Ndinawafunsa a Sipanala kuti dzanja lamanja limagwira chiyani panjinga. Anati moto ndi buleki ya kutsogolo. Ndinafunsanso kuti bulekiyo imakokedwa ndi zala ziti. Anandiuza kuti ndipite ndikawerenge mabuku anga.

Ndayesa kumata ndi tepi, ndayesa kusokerera kansalu, zonse zimachoka dzuwa lisanafike pamutu. Abambo akuti kuzizira kwatsala miyezi iwiri yokha.

Mlongo wanga anabisa kapepala m'kalata yanu. Akuti malata anafika, ndipo akhomedwa pakhonde la golosale ya amalume kuti ogula asamapse ndi dzuwa, a nyumba yathu adzabwera ulendo wina. Inu simunalembe zimenezo. Abambo sindinawauze. Ngati mwanayo wanama mundiuze, ndimukalipire.

Ine mwana wanu


1 Julaye

Amayi,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga, basi inyamuka masana ano.

Abambo anagwa ndi njinga Lachinayi. Ali moyo, akulankhula, akudya. Mutu sunakhudzidwe, chisoti chinagwira ntchito yake. Dzanja lamanja alimanga chikhakha kuyambira m'zala mpaka pachigongono. Anagona kuchipatala masiku awiri, panopa ali kunyumba. Akakuimbirani adzakuuzani kuti anangoterereka pang'ono, inu mudzangovomera.

Njinga ili kwa a Sipanala, akuti yangopindika kutsogolo, aiwongola.

Mwezi uno musayembekezere kanthu. Kusukulu sindinapite masiku atatu, ndinanena kuti ndikudwala. Zina ndidzalemba mutu ukabwerera m'malo.

Mwana wanu


22 Julaye

Amayi,

Zikomo chifukwa cha mapemphero amene mwati mukuchita, tawalandira. Ife tikudzuka. Ndamvanso kuti amalume adandaula kwambiri ndipo akufunsa ngati kampani ipereke chipepeso. Muwauze kuti kampani inatumiza uthenga umodzi pafoni, wofunsa chifukwa chake chakudya chija sichinafike.

Mmene zinachitikira anandiuza okha ndikuwasambitsa kumsana. Unali m'mawa, mvula yamawawa, pamaloboti. Galimoto ya patsogolo pawo inaima, iwo anaiona bwinobwino, mpata unalipo. Mutu unauza chala kuti koka, chala osamva. Chinali chitachita dzanzi kalekale. Anaponda buleki ya kumbuyo yokha, njinga n'kupita chammbali. Adokotala anati chikhatho ndi mfundo zinapulumuka, khungu silinachoke, magolovesi anali abwino. Zimene zinaphwanyika ndi fupa lapamkono ndi zala ziwiri zinali panja zija.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. M'sitolo muja, funso la mayi uja linali lakuti, kodi amene ukuwagulirawo amaperekera katundu? Anati ngati ndi choncho ndimuuze, chifukwa opanda kachikopawa sangawathandize. Kumbuyo kwanga kunaima anyamata awiri a m'kalasi mwathu, anabwera ndi bambo wawo kudzagula chisoti cha njinga yongoyendera Lamlungu. Ine ndili mu yunifolomu yofanana ndi yawo. Ndinati ayi, bambo anga amagwira mu ofesi, njinga amangokwera popita kuntchito. Mayiyo anati ndiye awa akukwanira. Anyamatawo ndikukhulupirira kuti sanamve n'komwe. Dzina langa salidziwa mpaka lero.

Abambo sindinawauze, inunso musawauze. Ndauza inu kuti katunduyu tisenze awiri, pakuti maulendo khumi aja sanatuluke okha m'chitini. Sindikukunenani. Ndikungofuna pakhale munthu mmodzi wodziwa mbali zonse ziwiri.

Chikhakha chikhala masabata asanu ndi limodzi. Dzina la munthu likakhala nthawi yaitali osayenda, kampani imalitseka, ndipo kuti alitsegulenso amafuna mapepala okhalira m'dziko muno, amene inu mukudziwa mmene alili. Ndiye njinga ikuyenda, woyendetsa ndi ine. A Sipanala anandiphunzitsa kuseri kwa msika masiku anayi, akundinena kuti ndimakhota ngati ndanyamula mazira a apongozi. Ndikaweruka kusukulu ndimavula yunifolomu n'kuvala jekete ya abambo, mikono ndimapinda kawiri. Foni imafuna kuona nkhope ya mwini dzina isanayambe ntchito, ndiye abambo amapesa tsitsi ndi dzanja lamanzere, amaiyang'ana, ikavomera n'kundipatsira. Ndikavala chisoti palibe amene amadziwa kuti ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Apolisi ndimawaonera patali, paja kuonerera anthu ndinazolowera.

Ndi madzulo okha, ndipo ntchito ya kusukulu ndikumalemba. Musade nkhawa kuposa mmene mwaderamo.

Mwana wanu


29 Ogasiti

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndamva kuti mlongo wanga wakhoza bwino teremu ino, mumugwire chanza m'malo mwanga. Ine thupi lilibe vuto, kupatula msana.

Chikhakha anachotsa. Mkono wapola, koma zala ziwiri zija sizipinda. Zimangoloza kutsogolo ngati akuonetsa munthu njira. Kuchipatala anawapatsa kampira koti azifinya, amakhala nako pazenera tsiku lonse. Sabata yatha anayesa kukwera njinga pabwalo la a Sipanala. Anazungulira kamodzi n'kukaima ataomba mpanda. A Sipanala anati mpandawo unali wokhota kale, awathandiza kuwongola. Palibe amene anaseka.

Ine ndakhala ndikuvala magolovesi odulidwa omwe aja, ondikulira. Abambo atandiona ndikuuzira zala m'kamwa, anakagulitsa suti imodzi yokha imene anali nayo osandifunsa, n'kundiuza kuti ndikagule anga. Ndinabwerera kusitolo kuja, ulendo uno mu jekete ya ntchito, bokosi lili kumsana. Mayi uja anandizindikira. Sindinadikire funso, ndinamuuza kuti ndimaperekera katundu. Za ofesi sanafunse. Analowa kuseri n'kutuluka ndi katoni ya magolovesi achikasu, osaoneka bwino, olembedwa dzina la kampani ina imene inagwa. Salowa madzi, mfundo zotchinga, chikhatho chokhuthala, ndipo nsonga za zala foni imazimva. Akuti amasungira anthu a ntchito yathu, pashelefu sawaika chifukwa ogula ake enawo sangawayang'ane kawiri. Ndinafunsa mtengo. Maulendo makumi awiri ndi asanu. Ndinafunsa kuti katoniyo inafika liti. Anati chaka chatha.

Ndinalipira n'kutuluka. Ndinakhala panjinga osailiza mpaka mlonda anabwera kudzandifunsa ngati yawonongeka.

Tsopano pempho langa, ndipo muliwerenge muli nokha. Maulendo a madzulo okha sakwanira lendi, chakudya ndi zotumiza kumeneko, ndiye mwezi uno ndakhala ndikujomba Lachiwiri ndi Lachinayi, nthawi zina Lachisanu. Aphunzitsi a masamu anandiitana. Ndi mayi achikulire, salankhula zambiri. Anandionetsa kaundula. Masiku anga ojomba apitirira malire, ndipo lamulo la sukulu likuti wotero dzina lake limachotsedwa pa olemba mayeso. Anakandichonderera kwa ahedi. Andipatsa Seputembala: ndipezeke tsiku lililonse, osaphonya ngakhale limodzi, dzina likhala. Anandifunsa ngati kunyumba kuli vuto, ndinati tikambirana ndi amayi.

Ndaganiza mbali zonse. Ngati Seputembala ndi Okutobala sititumiza kanthu kumeneko, za madzulo zitikwanira awirife, tikamadya kamodzi. Miyezi iwiri yokha, amayi. Abambo sangakupempheni, mukuwadziwa. Pagolosale pali mthunzi wabwino masiku ano, amalume akusungeni miyezi iwiri. Mundiyankhe ndi basi yomweyi, ndipo mulembe ndi dzanja lanu.

Ine mwana wanu, ndikudikira


15 Okutobala

Amayi,

Landirani moni. Tili moyo. Kuno kwayamba kutentha. Abambo apeza ganyu pamalo oimika galimoto, masiku awiri pasabata. Ntchito yake ndi yongolozera anthu poima, akuti zala zawo zinaphunzira kale.

Yankho lija linafika pa 5 Seputembala. Ndinakhala chete chifukwa ndinkayembekeza kuti mwina kubwera lina. Dzina pansi linali lanu, koma zilembo ndi za amalume, ndimazidziwa, ndi zomwe zili pakhoma la golosale. Ndamva kuti nthawi ya mbewu ndi feteleza siidikira mayeso, kuti anyamata a msinkhu wanga ena ali ndi mabanja, ndiponso kuti sukulu siithawa. Sindikudziwa kuti mawu anu ndi ati mmenemo. Mwina munalipo polemba, mwina munali kumunda. Abambo nditawawerengera anayang'ana pazenera n'kuti mwina chaka chamawa.

Ndinanyalanyaza. Ndinapita kusukulu masiku asanu ndi anayi otsatizana. Kenako adalaivala anandipatsa kapepala ka mlongo wanga. Akuti pagolosale anasiya kukupatsani ngakhale mchere, ndipo iye anamubweza kusukulu kawiri chifukwa cha ndalama ya teremu. Anafunsa ngati n'zoona kuti takuiwalani. M'mawa mwake ndinavala jekete.

Dzulo linali tsiku la pepala la masamu. Sindinaiwale, ndinachita kusankha kuyenda mbali ina ya tauni. Koma foni siifunsa munthu. Chakumasana inalira, ndinaikhudza ndisanawerenge, ndipo adiresi inali ya sukulu yathu, chipinda cha aphunzitsi. Ukakana ulendo umene wauvomera kale amakulanga sabata yonse. Ndinapita.

Pageti panali zii. Mlonda amene ankandikalipira ndikachedwa ananditsegulira n'kunditchula kuti achimwene. Mazenera a holo anali otsegula chifukwa cha kutentha. Ndinaona mitu yowerama, mizeremizere, desiki lililonse ndi nambala yake. Ndinayendetsa maso kufuna lopanda munthu. Panalibe. Anawerenga bwino, sanasiye mpata.

Amene anatuluka kudzalandira chakudya anali aphunzitsi a masamu. Galasi la chisoti sindinakweze. Analandira phukusi, n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali. Ndinali nditavala nsapato za sukulu, zina ndilibe.

"Funso lachisanu ndi lija unandikonza pabolodi ine nditasokoneza," anatero. "Kalembera amatsegulanso mu Januwale. Udzabwere ndi kholo."

Ndinawathokozera m'chisoti momwemo, sindikudziwa ngati anamva. Foni inali italiranso.

Za Januwale sindikupemphani kanthu. Ndinapempha kale kamodzi.

Za feteleza zili mu envelopu ya khaki. Za sukulu ya mlongo wanga ndaziika pazokha m'kati mwa buku la pamwamba, mukapereke nokha, ndipo lisiti adzanditumizire iyeyo. Katoni imene adalaivala akupatseni ndi mabuku anga onse. Ndi a mlongo wanga tsopano, adzawafika zaka zitatu zikubwerazi, muwaike patali ndi chiswe. Buku la masamu lili ndi mayankho anga m'mphepete, a pensulo. Mumuuze asafufute. Ambiri ndi olondola.

Ine,
mwana wanu wamkulu